Khoma Limene Tinagwetsa

Ku Tromsø kuno dzuwa limatsanzika mu Novembala
osaonekanso mpaka Januwale atakula.
Miyezi iwiriyo nyumba ndiyo dziko lonse,
ndipo yathu inkatithina ngati nsapato ya chaka chatha.

Torunn ankachokera kuchipatala mbandakucha,
maso atalemera ndi tulo ta usiku wonse,
n'kudya chilili kukhitchini, nkhope italoza kukhoma.
Sunniva anadzitsekera m'chipinda chake
tsiku lomwe anakwanitsa zaka khumi ndi zitatu.
Brage yekha ndiye ankatisaka chipinda ndi chipinda
atanyamula nangumi amene wajambula,
osapeza womuonetsa.

Ndiye Loweruka lina ndinatenga hamala.

Khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza
linagwa monyinyirika, fumbi lili koboo,
ndipo kunsi kwa pepala lamaluwa lomwe anamata eni akale
tinapeza mizere ya pensulo pathabwa la mphuthu:
Audun, zaka zinayi. Audun, zaka zisanu.
Ragna, zaka ziwiri, wabera, waimira zala.
Sitikuwadziwa. Mwina pano ali ndi imvi.
Torunn anandigwira mkono hamala ili m'mwamba:
thabwa ili lisiye.
Lilipobe, laima lokha pakati pa chipinda
ngati mlendo amene tinachita naye manyazi kumuthamangitsa.

Tebulo tinalikokera pazenera la kummwera
pomwe kuwala kwabuluu kumacheza maola awiri masana.
Nyale yam'denga, yoyera mbee ngati ya ku opareshoni,
Torunn anati imamubwezera kuntchito. Tinaichotsa,
n'kuika zing'onozing'ono zinayi, zachikasu, zotsika,
ina pomwe pamagwera buku ukakhala pasofa.
Za penti tinakangana masiku atatu.
Ine woyera, iye wobiriwira.
Sunniva anasuzumira pakhomo nati onsewo ngonyansa,
kenako anakasankha yekha, wamtundu wa njerwa yootcha,
napaka khoma lonse osalankhula ndi munthu,
madontho ali m'tsitsi, ena pamphuno.

Si zonse zinatheka.
Mashelefu ndinakhoma opendekeka,
mabuku amatsetserekera kumanzere mpaka lero.
Pampando wodula umene ndinagulira Torunn kuti azipumirapo
pamagona mphaka.
Ndipo pakona pomwe ndinayalira Brage kapeti ndi mapilo
kuti aziwerengerapo, sapayang'ana n'komwe.
Iye anasamukira kunsi kwa masitepe,
pakati pa majombo ndi mopu, tochi ili kukamwa.
Ndinadandaula madzulo amodzi,
mawa lake ndinangomukhomera msomali wopachikapo tochiyo.

Pulani yanga ija, yojambulidwa ndi rula,
pano ndi yotchingira mwendo wa tebulo kuti lisagwedezeke.

Dzulo ndinalowa chipale chofewa chili m'mapewa.
Torunn ankasenda mbatatesi atayang'ana kuno,
poti kulibenso khoma loti aliyang'ane.
Sunniva anali patebulo ndi masamu ake,
hedifoni kukhutu limodzi,
linalo atatisiyira ife.
Panalibe wolankhula.
Mpeni wokha, ndi ketulo, ndi pensulo ikufufuta.

Kenako Brage anatuluka m'phanga lake,
nakaima chowongoka pathabwa lija,
zidendene zitagunda, chibwano m'mwamba,
nati ndimuyeze.
Mzere wake unagwera chala chimodzi
pamwamba pa Audun wa zaka zisanu,
ndipo anafuula ngati wawina mpikisano
ndi mwana amene sadzakumana naye.

Kunja kunali bii, 3 koloko masana.
Sunniva anapukusa mutu, nati ndi zachibwana,
nalemba nambala ina, naifufuta.
Kenako anavula hedifoni ija,
nakankha mpando,
navula masilipasi kuti asabere.