Kukwera Soche ndi Zangaphee

Adokotala ku Gulupu anamvetsera mtima wanga,
anavula magalasi, nati, "Bambo Namaona, muziyenda."
Pobwerera ndinasuzumira pawindo la minibasi
n'kuona Soche, phiri lomwe ndagona patsinde pake
zaka makumi awiri osaliponda.

Loweruka kusanache ndinayala katundu pakhonde.
Zangaphee ananunkhiza chimodzichimodzi
ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

Choyamba chingwe.
Osati unyolo uja wa pamtengo wa mapeyala
umene unamumeta ubweya wa m'khosi, ayi.
Uyu ndi lamba wa chikwama cha pakaunjika ku Limbe,
a Khwiya atelala anamusoka mobwereza
kuti azikoka ndi chifuwa, khosi lizipuma.
Polandira ndalama anapukusa mutu:
"Chiyambireni ntchitoyi, galu sindinamuyezepo ndi tepi."

Madzi mabotolo awiri, lalikulu lake,
pakuti ine ndili ndi thukuta, iye ali ndi lilime lokha.
Chigubu cha mafuta chodula pakati, mbale yake imeneyo.
Bonya m'kajumbo. Mbatata yophika dzulo.
Kachitsulo kozulira nkhupakupa.
Khadi la katemera wa chiwewe, lokulunga m'pepala la shuga,
kuti mano ake akalakwira mwendo wa munthu
ndikhale ndi poyambira kupepesa.
Tochi, wezulo, ndodo ya nsungwi.

Nangondo anaponyamo chitenje chake chakale,
chija cha maluwa ofiira chong'ambika m'mphepete.
Ndinati, "Cholemetsa chabe ichi."
Anangopitiriza kusesa.

Tinadutsa Chilobwe matambala akukanganabe,
amayi atandanda kale pampopi ndi ndowa zawo.
Nyumba zinatha, zitsa zinayamba,
zitsa za mitengo yomwe tinaotha tokha m'mbaula.
Chisoso chinamumata m'michira ndi m'makutu,
ine mpweya unandithawa katatu.
Katatu konse anakhala pansi n'kundiyang'ana,
osandiseka.

Pathanthwe lina anthu anali kupemphera mofuula,
mawu atasasa ndi usiku wonse.
Ndinafupikitsa chingwe.
Zangaphee anadutsa mutu uli pansi ngati mkhristu wochedwa.

Pamwamba mphepo inatipukuta.
Mzinda wonse unagona chagada:
malata a Zingwangwa akuthwanima,
sitediyamu ngati beseni loiwalidwa pabwalo,
Ndirande uko atafunda nkhungu mpaka m'mapewa.
Ndinathira madzi m'chigubu.
Anamwa, ndevu zikudontha,
ine ndikuwerenga kugunda kwa mtima ndi zala ziwiri.

Potsika ndi pomwe anakuwa, kamodzi kokha.
Botolo losweka linabisala m'udzu,
phazi lakumanja lakutsogolo lili psuu.
Ndinakhuthula chikwama pamwala:
tochi masana, wezulo wopanda womuitana,
khadi lomwe silimanga bala.
Bandeji ndinaiwala pawindo.

Ndinatsuka ndi madzi anga otsala,
ndinang'amba m'mphepete mwa chitenje ndi mano,
ndinamanga.
Anayesa kuponda, anagwa, anandinyambita dzanja.

Basi ndinawerama monga ndinkaonera Nangondo akuwerama
ana athu ali makanda,
ndinamukweza kumsana, mfundo pachifuwa.
Galu ndi wolemera, anthuni,
ndipo mtima wake umathamanga kuposa wa mwana.

Tinalowa m'Chilobwe dzuwa lili paliwombo.
Ana anatitsata mpaka pachigayo.
Wa kabaza anaima, anatulutsa foni.
Mayi wina wa tomato anafuula,
"Wakhanda dzina ndani, achimwene?"
Ndinayankha, "Zangaphee,"
msika wonse unagwa nako kuseka.

Pageti Nangondo anatsamira tsache,
anayang'ana galu, anayang'ana ine, anayang'ana mfundo.
"Mwamanga molakwika," anatero,
"koma sanagwe."

Bala likapola tibwereranso.
A Khwiya ndawauza kale za tinsapato tinayi,
akuti ndibwere naye adzamuyeze.
Chitenje sindinabweze.
Chili pansi penipeni pa chikwama,
pomwe pamakhala zinthu zosafunsa.