Mkangano wa pa Park Station

Tikambenji ndi wa ku Katete, ine wa ku Mchinji,
chotilekanitsa ndi chipata cha Mwami basi,
koma kuno ku Joni, pa benchi yozizira,
takangana ngati akazi a mitala.

Akuti kwawo mabanki ali mbwee,
amalimbirana munthu ngati oitanira minibasi:
uyu watsitsa chiwongoladzanja, uyo wakuimbira foni,
ukanyanyala, khomo lina lili pafupi.

Ndati kwathu ndi owerengeka,
amadziwana, amadyera mbale imodzi.
Mayi anasungitsa ndalama za fodya miyezi isanu,
pokatapa anazipeza zitafota
ngati nkhwani wa dzana.
Ya kusunga, ya kufunsa zotsala,
mwina ndi ya kukhala pampando.

Waseka mpaka kutsokomola.
Kenako, motsitsa mawu:
ngongole ya chigayo ya mlongo wake
ikadaswanabe, chigayocho chinafa kale.
Ng'ona zikachuluka padooko
sindiye kuti kuwoloka kwaphweka.

Tonse ndalama yathu ndi kwacha.
Kunachera yani?

Kumbuyo kwathu nyumba zagalasi zili waliwali.
Imodzi mwa izo ndimailondera usiku,
chaka chachitatu tsopano,
koma buku singanditsegulire:
ikufuna pepala limene ndilibe.

Mabasi aliza hutala. Tanyamuka.
Marandi opinda m'pepala la buledi,
aliyense kwa kondakitala wakwawo.
Wanga amadula khumi pa handiredi,
salemba lisiti,
amangolemba dzina la mayi pachikhatho,
ndipo Lachinayi zimafika.