Nambala 63

Anandibaya nambala pachifuwa ndi phini
ngati ng'ombe ya pamsika.
Kunja Winnipeg inali itauma gwa,
mpweya ukuundana m'ndevu za amuna,
ndipo ine, Darlene Hrycak, woyendetsa basi ya ana asukulu,
ndinali nditaimika chibasi changa chachikasu
kuseri kwa bwalo la hoki, pamalo oletsedwa.

M'khonde tinandanda mzere.
Kamtsikana ka diresi lonyezimira
amake akukamwetsa uchi pasupuni.
Anyamata anayi a mataye ofanana
akung'ung'udza pakona ngati njuchi.
Bambo wina akutafuna mawu a Chifalansa
amene anawalemba pachikhatho ndi bolopeni,
thukuta likuwafufuta limodzilimodzi.
Panalibe woyang'ana mnzake m'maso.
Tonse tinavumata nyimbo imodzimodzi, ya fuko lonse,
ngati kuti wina atibera.

Miyezi itatu ndinaiyeserera kusanache,
injini ikutenthetsa mafupa ake,
mipando yopanda anthu ikundimvera mwaulemu.
Ana akakwera ndinkasoka pakamwa.
Tobias yekha, wa pampando woyamba, ndiye anandipezerera:
"Mayi Hrycak, kumapeto kuja mumakuwa."

"Sikisite-firii!"

Kapeti yofiira pa ayezi, yopyapyala ngati lilime.
Mipando zikwizikwi, yonse yopinda manja.
Oweruza atatu m'majekete, khofi akufuka m'makapu.
Wapakatiyo, Mayi Friesen, osadzutsa n'komwe mutu:
"Mphindi imodzi ndi theka. Popanda zoimbira. Yambani."

Ndinayamba bwino, ndikulumbira.
Koma za denga panalibe anandichenjeza.
Mawu anga anakwera, nakagunda zitsulo,
n'kubwerako mochedwa atasanduka mkazi wina
woimba mzere umene ine ndinali nditausiya kale.
Ndinamudikira.
Nayenso anandidikira.
Pakati pa awirife nyimbo inapulumuka, n'kugwa,
nyimbo imene ndinaiyamwira,
imene malemu bambo anga ankaipotoza Loweruka lililonse
ataima njo patsogolo pa wailesi yakanema,
chipewa pamtima, masokosi obooka.

Zii.
Ndinamva makina oziziritsa akulira pansi pa mapazi anga.

Ndiye kuchokera kuchipata,
kumene chigalimoto chosalaza ayezi chimagona,
mawu okhakhala ngati fosholo pa konkire
anatola mzere wanga pomwe unagwera.
Nkhalamba ya ovolosi, sipanala m'manja,
maso ali pa tayala, osati pa ine.
Inkaimba moipa. Moipa zedi.
Ndinagwira mawu akewo
monga agwirira chitsulo woimirira m'basi,
mpaka tinakafika, tonse atatu:
ine, iyo, ndi mkazi wa kudenga uja
akubwera m'mbuyo wefuwefu.
Kumapeto kuja ndinakuwa.

"Zikomo. Tikuimbirani foni."
Mayi Friesen analemba kanthu kakafupi kwambiri.

Potuluka ndinadzera kuchipata.
Pathumba la ovolosi panasokedwa dzina: Wendell.
"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuimva," anatero,
"akatswiri omwe amapunthwa pomwepo.
Denga lisiyeni lizilankhula lokha, mayi.
Tandipatsirani kansanza ako."
Ndinamupatsira. Nkhani inathera pomwepo.

Pagalasi la basi ndinapeza kapepala ka chindapusa
kataumira pansi pa waipa.
Ndinakamatula ndi zikhadabo, n'kuseka ndekha
mpaka misozi kuuma m'zikope.

Foni sinalire Lachisanu.
Sinalirenso Loweruka, ngakhale ndinapita nayo kubafa.
Usiku umenewo pakanema
nyimbo inaimbidwa ndi wina, ine ndikusenda mbatata,
ndipo ndinaona pakona ya chithunzi, kwa kamphindi,
chipewa chili pamtima wa ovolosi.

Lolemba Tobias anakwera, mphuno ili psuu,
naona 63 nditamumata pamwamba pa chiwongolero.
"Mwapambana?"
"Khala pansi."
Ndinatseka chitseko, ndinaponda mafuta.
Pa maloboti achiwiri, ana makumi anayi ali phokoso,
ndinatsegula pakamwa.
Denga la basi ndi lalifupi,
silibweza kanthu.