Kope la Nevzat, Wometa wa ku İzmir

Dokotala Gülten anandipatsa kope lachikuto chobiriwira
ngati ndine mwana wobwereza kalasi.
"Bambo Nevzat, shuga wanu wakwera padenga.
Muzilemba chilichonse cholowa pakamwa,
ngakhale kanyenyeswa kokodwa m'ndevu."

Ine, wometa anthu zaka makumi atatu ndi zinayi
m'kanjira kopapatiza ka msika wa Kemeraltı,
dzanja lozolowera lumo
lero ligwire pensulo?

Lolemba ndinalemba:
tiyi, buledi, azitona asanu, phwetekere.
Tsamba linayera ngati thaulo lochapa kumene.
Ndinanama.
Maboyozi awiri onona a m'mawa uja
sanalowe m'kope,
analowa mwa ine.

Lachiwiri Orkun, mnyamata wosesa tsitsi,
anati, "Abwana, ndikuwerengereni?"
Kapu iliyonse yobwera pa thireyi yolendewera
ankaikhwatcha pagalasi ndi sopo.
Kasitomala akakhala, tiyi.
Akadandaula za mtengo wa petulo, tiyi.
Akatsanzika, kamodzinso, wa panjira.
Pofika madzulo mizere khumi ndi itatu,
uliwonse ndi timiyala tiwiri ta shuga,
ndipo nkhope yanga inali kuseri kwa mizereyo
ngati mkaidi pawindo.

Lachinayi pakati pa usiku:
theka la buledi, tchizi, uchi wa m'botolo,
chitseko cha firiji chili yasa,
kuwala kwake kokhako m'nyumba monse.
Ndinalemba nthawi: 1:40.
Lachisanu, 1:15.
Loweruka sindinayang'ane wotchi.
Kope silikalipa, silikweza nsidze.
Limangoyala zinthu poyera
monga amayalira nsomba mu msewu wa Havra,
maso ali tong'o.

Şebnem, mwana wanga, atabwera kuchokera ku Ankara
analipeza pamwamba pa wailesi.
Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera.
Kenaka anatenga chipeso changa, nachiyesa lula,
najambula mzere kutsika tsamba lonse.
Pamwamba analemba mafunso awiri:
Pati? Ndi yani?

Sabata imeneyo pensulo inalemera.
Choimirira, ndekha.
Pa sinki, ndekha.
Pa masitepe, chipewa chili kumutu, ndekha.
Tebulo lija tinagula ndi Perihan
chaka chimene denga linkadontha
linali litakwiririka ndi nyuzipepala,
mabilu a magetsi, malumo akutha,
zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri.
Sindinadziwe kuti ndikulilambalala
mpaka pepala linandiuza ndi zilembo zanga zomwe.

Lamulungu ndinasesa zonsezo.
Pansi pa mulu panali chipsera cha poto wake,
chozungulira, chakuda, chosafufutika.
Ndinaphika supu wa mphodza,
ndinapsereza mabilinganya,
ndinagogoda kwa Hulusi wa chipinda chapansi,
uja ankakonza mainjini a sitima zapamadzi,
wolankhula ngati mpopi wosatsekeka.

Ndinalemba:
supu, mbale imodzi ndi theka,
nditakhala pansi,
ndi Hulusi,
amene anati mchere wachuluka
koma anaonjezera kawiri.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo.
Mizere ya pagalasi yatsika kufika isanu ndi iwiri,
tsiku la malipiro imakweranso.
Shuga ndimaponya mwala umodzi,
winawo ndimaubweza m'mbale ndi chisoni
ngati munthu woperekeza mnzake pa basi.
Lachisanu lililonse boyozi ndimadyabe,
koma tsopano amalowa konsekonse,
mwa ine ndi m'kope.

Dzulo ndinadzidzimuka 1:30.
Miyendo inandifikitsa yokha pa firiji.
Ndinagwira chitseko, chozizira,
ndinamva Hulusi akutsokomola pansi pa mapazi anga.
Ndinakoka mpando, ndinakhala.
Madzi, kapu imodzi. Apulo, theka.
Theka linalo lachita dzimbiri pa tebulo.

Mawa ndikaonana ndi dokotala.
Akafunsa za dontho la mafuta
pa tsamba la makumi awiri ndi atatu
ndikamuuza kuti ndi sayini yanga.