Kachewere Wopanda Dothi

Kachewere wa kuno amabwera atasamba kale,
m'matumba a neti, wofanana ngati mapasa,
wopanda dothi, wopanda bala la khasu.
Ndimamusenda kuyambira mbandakucha
kukhitchini ya hotela ino ya ku Kepi,
ndowa zisanu ndisanalawe tiyi.
Mpeni ukazolowera njira yake, maso amasiya kuona,
ndipo ndimangopezeka ndili pa Lizulu.

Tsiku la msika, nkhungu isanachoke pamsewu.
Basi yaima, ife liwiro,
mabeseni m'mwamba kufikira mawindo:
kabichi bwana, karoti, anyezi wouma!
Mlongo wanga Eneresi ndiye katswiri wa milu,
tomato wamkulu pamwamba, wofinyika pansi,
nkhope ili phee ngati ali m'pemphero.
Wogula akanyinyirika amamuponyera banyira,
kenako n'kunditsina pamkono kuti ndisaseke.

Msewu womwewo ndiwo malire.
Mayi ankandituma ku Mozambiki kukagula mchere,
ati ndibwere ndiwo zisanapserere.
Dziko lina linali mapazi makumi awiri,
ndipo amene ankandifunsa mafunso
anali a Zakeyu okha, ogulitsa mcherewo,
kufunsa ngati mbuzi yathu yaswa.
Kuno pepala ndimagona nalo kumutu.
Galimoto ya apolisi ikadutsa
ndimadzigwira m'thumba ngati wakuba.

Amati kuno kumazizira. Ndimangowayang'ana.
Sanauone Juni wa kwathu,
mphepo ya ku Tsangano ikamalowa pansi pa chitseko,
mame akuluma zala panjira ya kusukulu,
zidendene zong'aluka, miyendo mbuu.
Tinkafunda atatu jasi la bambo,
lija anabwera nalo kumigodi,
lolemera, lonunkha fodya ndi sutikesi.
Za kumigodiko sankanena.
Tikawafunsa ankati, kunali ntchito, basi.
Lero Eneresi akandifunsa za kuno
ndimamva pakamwa panga pakutuluka mawu omwewo.

M'chipinda timagona anayi.
Fanuwelo wa ku Bembeke amalumbira
kuti mapichesi okoma ndi a kwawo,
a kwathu ndi a ana asukulu ndi anyani.
Takangana zimenezi zaka zitatu,
tonse tisanadye ngakhale limodzi.

Lamulungu uthenga wa mawu umafika pafoni.
Feteleza wakweranso,
malata atsala asanu ndi limodzi,
mwana wa a Nangozo wakwatiwa ku Mlangeni,
ng'oma anavina mpaka fumbi kutseka dzuwa.
Ndimaumva kanayi, kasanu.
Ndalama ndimakhala nditamva koyamba komwe.
Kobwerezako ndimafuna za kumbuyo kwa mawu ake:
kondakitala akukuwa Ntcheu, Balaka, mmodzi yekha,
belu la kabaza, tambala wa munthu wina,
ndi mayi chapatali, akukalipira winawake
kuti watsekula pakhomo, nkhuku zalowa.

Mwezi watha dalaivala anandipatsira kathumba.
Nyemba, mfutso m'chikwatu,
ndi kachewere musanu, wokhotakhota, wa maso ambiri,
dothi likadali mbali imodzi.
Sindinamutsuke.
Ndinakokota dothilo ndi chikhadabo papepala
n'kulithira m'bokosi la machesi.
Fanuwelo anaseka mpaka kutsokomola,
kenako anati ndimununkhitseko.
Anakhala nalo nthawi bokosilo.

Anayi tinakazinga usiku womwewo,
tinadya osayankhula, mchere pachikhatho.
Wachisanu anali atayamba kuphuka.
Ndamubzala m'chitini cha penti pakhomo,
mumchenga woyera wa kunowu,
dothi la m'bokosi lija ndathira pamwamba.
Fanuwelo akuti sangachite, mchenga ulibe chakudya.
Mwina akunena zoona.
Koma dzulo ndikubwera kuntchito
ndinamupeza atanjuta pomwepo,
akuthirira ndi kapu yake ya tiyi.
Masamba alipo atatu.
Eneresi sindinamuuze,
angandifunse kuti ndikakolola
mulu ndidzagulitsa zingati.