Kumene Mizere Inakumana

Dandaulo linabwera pa pepala long'ambidwa m'kope la mwana:
*Wailesi zathu kuno ku Chikanda zikukazinga chimanga.
Kukangoda, makamaka kukagwa mvula,
mauthenga a maliro sitikuwamva.
Ndine wanu, Kalonjere.*

Tinanyamuka Lachiwiri madzulo, ine ndi Asiyatu,
iye ndi mlongoti wake wonga msana wa nsomba yodyedwa kale,
ine ndi mapu, kampasi,
ndi pensulo yotafunidwa kumutu.

Pa phiri la Sadzi anaima pathanthwe
n'kuyamba kuzungulira pang'onopang'ono
ngati munthu amene waitanidwa dzina mumsika
koma sakudziwa kuti mawuwo achokera kuti.
Singano ya pa makina inagona, inagona,
kenaka dzambatu.
Lemba, anatero. Ndinajambula mzere.

Khutu limodzi limangoloza njira, silitchula mtunda.
Ndiye tinakwera kabaza mpaka ku Matawale,
mlongoti ukukola masamba a mango m'njira,
ana akutithamangira, akuti tikusaka mfiti.
Mzere wachiwiri.

Pa Mpondabwino aliyense anali naye womukayikira.
Ogulitsa mpunga anati ndi wowotcherera mageti uja.
Wowotcherera anati ndi firiji ya kubala.
Mayi wina anangoloza kutchalitchi
kumene zimkuzamawu sizigona.

Phiri nalo linatinamiza.
Limalandira phokoso pachifuwa pake
n'kulibweza ngati lake,
moti Lachitatu lonse tinalondola mthunzi wa mawu
mpaka kumiyala ya Mulunguzi,
kumene kunali madzi okha, ndi nsapato zathu zonyowa.
Ndinafufuta mzerewo mpaka pepala linabooka.

Lachinayi mizere itatu inakumana.
Sinakumane pamodzi ndendende,
inasiya kampata kakang'ono ka ngodya zitatu,
kosakwana ndi njere ya nandolo.
Tinapitako.
Kamunda ka chinangwa. Mbuzi yomangidwa pachitsa.
Palibe nyumba, palibe injini, palibe nthambo pansi.
Koma m'makutu mwa Asiyatu chimanga chili thethethe.

Ndinatambasula mapu pabondo, ndinawatembenuza,
ndinawerenganso madigiri anga onse ngati ngongole.
Iye anangoti, pepala lako ndi lafulati, mnzanga.
Limadziwa kumpoto ndi kuvuma,
koma Zomba si mphasa.

Anadzutsa mlongoti.
Kuchoka pa mbuzi, kudutsa nsonga za chinangwa,
kudutsa denga la nthochi,
pang'ono, pang'ono, ngati wopereka mwana kwa munthu wamtali,
ndipo singano inakakhoma kumapeto.

Pamwamba pathu, m'nkhungu yotsika ku Ku Chawe,
nthambo zamagetsi zinkadumpha chigwa,
ndipo pa mtengo wake, pamtunda wa chiphedi,
kachikho kadothi kogwira waya kanali ndi mng'alu
wochepa ngati tsitsi.
Chinyezi chikalowamo, kamoto kabuluu kankalumpha,
kulumpha, kulumphanso, kosatopa,
kakulankhula m'nyumba mazana
popanda amene anakapatsa mwayi.

Masiku atatu tinayenda chowerama
pansi pa chinthu chimene tinkachifuna.

Amagetsi anabwera patatha milungu iwiri,
atatha mafoni asanu ndi umodzi.
Kachikhoko ndili nako pa desiki, ndimaikamo mapini.

Bambo Kalonjere ndinakumana nawo ku depoti,
atanyamula chikwama ndi thumba la ufa wa chipepeso.
Wailesi ikumveka mbee tsopano, anatero,
ngati munthuyo wakhala pakhonde.
Dzulo lomweli ndamva bwinobwino
dzina la mlamu wanga wa ku Jali,
mudzi wake, mfumu yake, ndi ola loika.

Anandigwira dzanja ndi manja awiri.
Sindinadziwe choyankha.
Minibasi inali italiza kale hutala,
ndipo kondakitala ankawakankhira mkati.