Matchona Awiri pa Khomo la Kanema

Sabata ino jakaranda wayala nsalu yake m'misewu ya ku Avondale,
ndipo ine Lifeyo, mlonda, wong'amba matikiti,
andiveka malaya ofiira n'kundipatsa liwu limodzi loti ndiloweze:
bienvenidos.
Ndaliyeseza m'kombi kuchokera ku Mufakose,
lilime likuterereka ngati njinga pamchenga,
mpaka mayi wa pambali panga anafunsa ngati ndikupemphera.

Akuti ndi chikondwerero cha makanema a ku Latin America.
Timbendera tayanikidwa pachingwe ngati matewera.
Pakhonde mnyamata akusisita ng'oma ziwiri zomangirirana,
atsikana a ku yunivesite akuphunzira gule wachilendo,
akuwerenga mapazi mokweza,
koma chiuno chikukana masamu.

Ine kanema ndimaonera pampata wa chitseko.
Timawu toyera ta m'munsi timathamanga kuposa maso anga,
ndiye ndimawerenga nkhope.

Lachitatu usiku:
munthu wasenza jumbo pamutu,
akuwoloka mtsinje, madzi alekeza m'khosi.
Apa sindinafune womasulira.
Atate anawoloka Zambezi pa Tete ndi bulangete limodzi
kudzafuna Halale,
kudzatchetcha kapinga yemwe sankaloledwa kukhalapo.
Anati abwerera ku Ntcheu mvula ikatha.
Agona ku Mbudzi zaka khumi ndi zinayi tsopano,
ndipo mvula yatha kambirimbiri.

Munthu uja ali pakatikati pa mtsinje,
magetsi anangoti thii!
Holo yonse inabuula pamodzi ngati kwaya ya pamaliro.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kugona.
Tinamusiya m'madzi momwemo, mumdima,
jumbo lake lili pamutu.

Anthu anatuluka kukapuma mphepo.
Mayi Itzel, amene anabwera ndi kanemayo kuchokera ku Mexico,
anavula nsapato, n'kukhala pamasitepe pafupi ndi tochi yanga.
Fungo linawakoka mphuno:
Rumbidzai akuwotcha chimanga kuseri kwa magalimoto.
Anagula ziwiri, china n'kundipatsa.
Anapempha mchere, ndimu ndi tsabola,
Rumbidzai n'kundiyang'ana ngati akuti: awa ali bwino?

Analuma, natsinzina,
kenaka m'Chingelezi chotsimphina ngati changa anati:
ichi chinabadwira kwathu.

Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Chimanga?
Chathu chomwechi, chimene timalumbirira,
chimene chikasowa timati kunja kwaipa?
Anagwedeza mutu, njere itakanirira pamlomo.
Chinakwera chombo kalekale, anatero,
sichinabwerereko.

Ndinachitembenuza m'manja, ndikuchiyang'ana mano.
Kani nawenso ndiwe mtchona!
Palibe amakufunsa chitupa,
palibe amakunena kuti ulibe mtupo,
palibe amakutcha mubhurandaya pamzere wa madzi.
Unangoti phee m'nthaka ya eni,
mpaka eni anayamba kukutcha mayi.

Jenereta inadzuka itatukwanidwa mokwanira.
Anthu anathamangira mipando yawo,
munthu uja anayambanso kusambira.
Mathero sindinawaone:
galimoto ina inayamba kulira panja,
ndipo ntchito ya mlonda ndi kulondera.
Nditafunsa Munashe wa makina, anati,
anawoloka, mudhara,
koma kanema watha ali pa foni,
ikungoitana, ikungoitana.

Pakati pa usiku mbendera zafota.
Mayi Itzel anandigwira dzanja ndi manja awiri,
ndinawauza bienvenidos,
iwo n'kuseka, chifukwa amenewo ndi mawu olandirira,
osati otsanzikira.
Ena ndilibe, mayi. Anandipatsa amodzi.

Ndatsala ndi tsache pakati pa mipando,
ndikusesa mbuliwuli zopondedwa.
Kamodzi kakana kuphulika, kagona pansi pa mpando wa makumi atatu,
kolimba, kachikasu, kouma mutu.
Ndakatola, ndakapukuta pa malaya ofiira,
ndakaika m'thumba momwe muli ndalama ya kombi.
Kuseri kwa nyumba ku Mufakose kuli kadothi pang'ono.
Tandiuza tili m'njira, mnzanga:
nawenso unati ubwerera mvula ikatha?